Tsiku Limene Achule Anaika Maliro ku Malindi

Gulu lathu la alakatuli ku yunivesite tinkalitcha Achule. Dzinali silinachokere m'buku lililonse. Chipinda chimene tinkakumanamo Lachitatu chinali pafupi ndi ngalande, ndipo nthawi ya dzinja achule enieniwo ankatiposa mawu, ena amati ankatiposanso nzeru. Tikagwirizana ndi mfundo sitinkawomba m'manja, tinkalira ngati achule. Anthu akuluakulu ndithu, ena a ndevu zawo, ophunzira pa msonkho wa makolo anu.

Malamulo tinali nawo awiri okha. Loyamba linali lakuti mwini ndakatulo sadziwika. Unkalemba, n'kuponya pepalalo m'katoni lopanda dzina, wina n'kuwerenga mokweza, gulu lonse n'kuyamba kuisenda ndakatuloyo iwe uli pomwepo, ukumwetulira ngati si yako. Ukangoyerekeza kuiikira kumbuyo, basi wadziulula. Lamuloli linali ndi chifukwa chake. Masiku amenewo mawu ankamangitsa, ndipo tonse tinkadziwa kuti pakati pathu pali mmodzi amene amakatula zonse kwa akuluakulu, kungoti sitinkamudziwa. N'chifukwa chake ndakatulo zathu zinali za nkhungu, abuluzi ndi mapiri otsokomola, zoti ngakhale mwini wake akaiwerenga mawa lake azidzifunsa kuti ankatanthauza chiyani. Ndakatulo yomveka tinkaiona ngati munthu woyenda pamsika wopanda malaya.

Lamulo lachiwiri linali lakuti ndakatulo yoipitsitsa ya chaka imaikidwa m'manda. Tinkachita mwambo wonse wa maliro, bokosi, nyimbo, ulaliki ndi olira omwe. Pa koleji anthu anazolowera. Akationa tikudutsa ndi kabokosi kathu kuseri kwa khitchini ankangoti, "Achule aferedwanso," n'kupitiriza kudya.

Wapampando wathu anali Jeremiya wa ku Blantyre, amene tinkamutcha Bishopu chifukwa pa maliro amenewa ankadzikulunga nsalu ya pabedi n'kumalalikira mpaka thovu kukamwa. Mpeni wa gulu anali Keti. Mtsikana ameneyu ndakatulo yako ankatha kuipha ndi mawu atatu, kenako n'kukupempha shuga ngati palibe chachitika. Ine ndine Swadick wa kwa Mponda. Ndinalowa gululi chifukwa pamisonkhano pankakhala tiyi, koma pang'ono ndi pang'ono matenda a ndakatulo anandigwiranso.

Ndinkagona chipinda chimodzi ndi Luciano, ndipo ndinkadziwa za iye zimene Achule ena sankadziwa. Pa koleji ankadziwika kuti ndi mwana wa a Paulo, mmisiri wa matabwa wa ku Malindi. Zoona zake a Paulo anali malume ake. Luciano anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambiki, ndipo anamutumiza ku Malindi ali wamng'ono kuti adzaphunzire. Nkhondo itafika kwawo, mayi ake a Estela anathawa wapansi kudutsa m'mapiri atabereka mlongo wake Leticia, amene ankadwala. Ku Malindi anafika okha. Malo a ku yunivesite anali a ana a dziko lino, ndipo Luciano ankadziwa kuti tsiku limene zidzamveke kuti ndi mwana wa othawa nkhondo, sutikesi yake idzamudikira pageti. Choncho ankayenda mosamala, kulankhula pang'ono, ndipo wina akanyoza "anthu a ufa wa chithandizo" iye ankangoyang'ana nsapato zake.

Anandiuzanso za mayi ake. Chifikireni ku Malindi, a Estela sankaphonya maliro a mwana aliyense, kaya wa Mkhristu kaya wa Msilamu, kaya akuwadziwa makolo ake kaya ayi. Ankangomva kulira n'kusiya khasu. Ankakhala kumbuyo kwa anthu, osayimba, ndipo pobwerera sankadya. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Nkhaniyi inkamuwawa Luciano kuposa china chilichonse.

Ndiye chaka chimenecho Bishopu analota kuti chikondwerero chathu cha ndakatulo tikachitire kunyanja. Chule wina wakale ankaphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Malindi, ndipo anatibwereka kalasi yogonamo ndi ina yowerengeramo. Luciano atamva dzina la malowo anayamba pompo kufunafuna zifukwa zoti tisapiteko. Anayesa kunena kuti msewu wake ndi woipa, kuti kuli udzudzu wonga mbuzi, koma Achule akamva za udzudzu amangolira mokondwa. Tinakwera lole ya koleji, tinawoloka mlatho wa pa Mangochi tikuyimba, n'kukhotera kumpoto fumbi lili tolo. Luciano anakhala pakati pa zikwama chipewa atachitsitsa mpaka pamphuno, kuopa kuti wina pamsewu angamuitane dzina.

Loweruka m'mawa chikondwerero chinayamba. Tinakongoletsa kalasi ndi masamba a mgwalangwa, Bishopu anatsegula ndi ndakatulo yake yaitali imene tonse tinkanamizira kuti sitikudziwa mwini wake, ngakhale munali mawu akuti "chiphadzuwa cha ku Ndirande" amene ankapezeka m'ndakatulo zake zonse. Kunabwera ya nkhungu yokwatiwa ndi phiri. Kunabwera ya buluzi wovala taye. Tinalira ngati achule mpaka kummero kuwawa. Zinali zokoma, ndisaname. Pali chisangalalo china chimene munthu amachipeza akakhala pakati pa anzake openga mofanana naye.

Kenako Keti anapisa m'katoni n'kutulutsa kapepala kakafupi. Anakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, kufuna kuona ngati kwina kwatsalira, n'kuwerenga:

"Amayi anamusiya pansi pa msuku.
Analibe khasu.
Anamufunditsa chitenje
naika miyala m'mbali kuti mphepo isachotse.
Dzina lake Leticia.
Ankaopa nkhuku.
Ine ndinali m'kalasi,
ndikuloweza mitsinje ya ku Ulaya."

Ine ndinalizindikira dzinalo pompo. Sindinkadziwa kuti Luciano walemba zimenezi, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinamulowa kuti aponye pepalalo m'katoni. Mwina zinthu zina zikakhalitsa m'mimba zimadzipezera njira zokha.

"Yatha?" anafunsa Bishopu.

"Yatha," anatero Keti. "Iyi si ndakatulo, ndi uthenga wachisoni wa pa wailesi. Changotsala n'kunena kuti amene wamva adziwitse achibale."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kwake kunali kwa mpumulo, chifukwa ndakatuloyo inali itawagwira penapake pamene sankafuna kugwidwa. Atangoseka, mipeni inatuluka. Wina anati mulibe nkhungu ngakhale pang'ono. Wina anafunsa kuti nkhukuyo ikuimira chiyani, ndipo atalephera kupeza chimene ikuimira anakwiya. Bishopu anaimirira n'kunena kuti akumudziwa mlembi wa mtundu umenewu: mwana wa kumayadi amene othawa nkhondo anangowaonera pa windo la basi, tsopano akufuna kutiliza ndi chisoni chobwereka. Nthawi yonseyi Luciano ankamwetulira monga mwa lamulo. Kumwetulira kumeneko sindidzakuiwala, chifukwa kunandichititsa manyazi ndi gulu lathu lonse.

Povota, ya Leticia inapambana popanda mpikisano. Inali ndakatulo yoipitsitsa ya chaka. Ine sindinakweze mkono, koma Luciano anakweza, chifukwa Keti ankayang'ana mbali yathu.

Ndinamukokera pambali Bishopu. "Akulu, maliro tikachitire ku Zomba. Kuno si ku koleji. Anthu a kuno maliro samasewera nawo."

"Swadick, vuto lako ndi mantha a kumudzi," anatero uku akudzikulunga nsalu yake. "Luso silipempha chilolezo kwa asodzi."

Anabwereka bokosi lathabwa lomwe munkabwera sopo, anaikamo kapepala kaja, n'kulikuta ndi nsalu yoyera. Likanakhala bokosi lalikulu mwina anthu akanadabwa, koma linali laling'ono, msinkhu wake wa mwana. Ndiye pofuna kuti mwambo ukome kuposa zaka zonse, Bishopu analamula kuti athyole nthambi zaziwisi aziike panjira, kumtunda ndi kumunsi kwa sukulu. Kwathu kuno nthambi panjira zili ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo ngakhale mwana woyamwa amalidziwa.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo, kulowera kumchenga kuseri kwa sukulu kumene tinkafuna kukakumba kadzenje. Nyimbo yake inali ya maliro ya kutchalitchi imene tinaisintha mawu kuti izinyoza alakatuli osadziwa ntchito. Koma munthu ali patali samva mawu, amamva chuni. Ndipo Keti anali ndi mphatso ya kulira. Anaika manja kumutu n'kuyamba, "Mayo ine, wapita usanakule! Wapita wopanda nkhungu!" mpaka agalu a m'mudzimo anamuyankha.

Woyamba anali bambo wina wa panjinga, amene anatsika n'kuvula chipewa. Ife tinaseka chamumtima. Kenako amayi amene ankayanika usipa pa thandala anasiya ntchito, anamanga zitenje m'chiuno n'kutitsatira. Asodzi amene ankasoka makoka pansi pa mtengo anaimirira onse. Kuchokera kumtunda kwa msewu, kumene kunali tinyumba ta udzu ta anthu othawa nkhondo, kunatsika anthu ambirimbiri, chifukwa iwo maliro a ana anali atawazolowera ndipo sankadikira kuitanidwa. Nyimbo yathu inayamba kuchepa mphamvu. Amayi a m'mudzimo anailandira n'kuibwezera mawu ake enieni, ndipo anaiyimba bwino kuposa ife.

Tisanadziwe chochita, bambo wina wa kofia anafika n'kulandira bokosi m'manja mwa anyamata athu, monga amachitira anthu a kwathu, kuti aliyense anyamuleko pang'ono. Anayenda nalo, wina n'kulandira, winanso n'kulandira. Bokosi linatichoka m'manja choncho, ndipo linasiya njira ya kumchenga n'kulowera njira ya kumanda enieni.

Keti kulira kunamuthera. Bishopu anandigwira mkono. "Swadick, alankhule m'chinenero chanu. Uwafotokozere."

"M'Chiyao mulibe mawu ofotokozera zimenezi," ndinamuyankha. "Yesani m'Chingerezi, akulu. Paja luso silipempha chilolezo."

Ndinkaseka pakamwa pokha. Ndinkadziwa kuti anthu amenewa akatsegula bokosilo n'kupeza pepala, atasiya nsomba zawo padzuwa ndiponso ena atakumbutsidwa ana awo, tidzachoka ku Malindi ndi mano ochepa, ndipo otsalawo tikawasiya ku polisi.

Pakhomo pa manda gulu linaima pansi pa mitengo. Mkulu wina wa ndevu zoyera, amene anthu ankamutcha Che Iddi, mwini makoka aja, anabwera kutsogolo. Ataona nsalu ya Bishopu anaganiza kuti ndiye m'busa, ndipo anamupatsa moni ndi manja awiri.

"Pepani, pepani ndithu, alendo athu. Koma mwatilakwira. Bwanji osatumiza uthenga m'mawa? Manda sanakumbidwe. Anyamata apita kukatenga makasu." Anayang'ana gulu lathu mmodzimmodzi. "Mwanayu ngwa yani? Mwini maliro ndani?"

Jeremiya, munthu amene ankatha kulalikira za ndakatulo yakufa mpaka tiyi kuzizira, anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Achule tonse tinayang'ana pansi. Mwa lamulo lathu funso limenelo linalibe yankho.

Pamenepo ndi pamene ndinawaona a Estela. Ndinali ndisanawaonepo chiyambire, koma nkhope inali ya Luciano yomweyo. Anali mayi wochepa thupi, wa mpango wakuda, ataima kumbuyo kwa anthu monga mwa chizolowezi chawo, osayimba. Maso awo sanali pa bokosi. Anali pa mnyamata wa chipewa chofika pamphuno, amene ankayesa kubisala kumbuyo kwanga ngakhale anali wamtali kundiposa.

"Luciano?" anaitana. "Mwanangu, wabwera liti? Maliro ngayani amenewa?"

Achule onse anatembenuka. Luciano akanatha kunena kuti awa ndi azakhali, kapena mayi wina wa m'mudzi wosokonezeka mutu, ndipo anthu a pamenepo akanamuvomereza. Koma anavula chipewa chija n'kupita kutsogolo.

"Mwini maliro ndine," anauza Che Iddi. Mawu ake ankamveka mpaka kumbuyo. "Awa ndi mayi anga ondibala. Tinachokera kutsidya. M'bokosimo mulibe thupi, bambo. Muli pepala limene ndinalembapo za mlongo wanga Leticia, amene anatsala m'mapiri osaikidwa. Anzangawa sankadziwa. Ankachita masewera a kusukulu."

Phokoso linabuka. Mnyamata wina amene anali atangofika ndi khasu analigwira mwa mtundu wina, ndipo ine ndinayamba kuyeza mtunda wa pakati pa ine ndi nyanja. "Masewera?" anthu ankafunsana. "Maliro masewera?" Koma a Estela anadutsa pakati pa anthuwo ngati sakumva, n'kukaima pamaso pa bambo amene ananyamula bokosi. Anatambasula manja. Bamboyo anayang'ana Che Iddi, kenako anawapatsa.

Analilandira monga amalandirira mwana, dzanja lina pansi lina m'mbali. Analiyeza m'manja kanthawi.

"Ankalemera chonchi," anatero. "Tsiku lomaliza lija ankalemera chonchi."

Mnyamata wa khasu uja analitsitsa.

"Walembamo dzina lake?" anafunsa mwana wawo.

"Eya, amayi."

"Ndiye ali momwemu. Kumbani."

Che Iddi anakanda ndevu zake n'kuyang'ana amuna anzake. "Nyanja ikakana kutibwezera munthu, abale ake saleka kulira maliro chifukwa thupi palibe," anatero. "Mayiwa anena. Kumbani, anyamata." Kenako anatembenukira kwa Jeremiya. "Inu abusa a masewera, vulani chinsalucho mugwire khasu."

Bishopu anakumba. Anakumba mpaka manja ake a ku Blantyre anatuluka matuza, ndipo palibe anamulandira msanga. A Paulo anaitanidwa ku shedi yawo, anabwera ndi utuchi m'tsitsi, atanyamula kamtanda kamene anakhoma mofulumira. Dzenje litatha, a Estela anati akufuna amve zimene zalembedwazo asanatseke. Luciano anatsegula bokosi, anatenga kapepala kaja n'kuwerenga yekha, chinthu chimene Chule aliyense anali asanachitepo ndi ndakatulo yake. Anaiwerenga m'Chichewa chomwecho chopanda nkhungu. Atafika pa mzere wa nkhuku, mayi ake anaseka pang'ono misozi ili m'masaya.

"Ankaziopadi," anauza amayi amene anali pafupi nawo. "Ngakhale kamwanapiye."

Apo ndi pamene kulira kunayamba kwenikweni. Amayi a kumtunda kwa msewu analira, aliyense akutchula dzina la wake amene anatsala panjira, ndipo maina anali ambiri. Keti analiranso, koma ulendo uno mopanda luso, mamina ali mbwee, mawu osatuluka. Inenso ndinalira, ndipo sindikupepesa kwa aliyense.

Luciano anagona kwa mayi ake tsiku limenelo, n'kutipeza m'mawa lole ikulira. Anakwera, anakhala pa sutikesi yake, osayang'ana munthu. Tonse tinkaganiza chinthu chimodzi. Anali atanena pamaso pa gulu lonse kuti ndi wa kutsidya, ndipo pagulupo panali uja amene amakatula nkhani. Mawu amodzi okha ku ofesi, maphunziro ake akanathera pomwepo.

Tinayenda mpaka pa mlatho wa pa Mangochi uja. Pamenepo Jeremiya anaimirira, atagwira chitsulo cha lole ndi manja ake omanga nsanza. Ndinkayembekeza ulaliki, koma analankhula mwachidule koyamba m'moyo wake.

"Achule, lamulo loyamba likuti chiyani?"

"Mwini ndakatulo sadziwika," tinayankha.

"Ndakatulo imene tinaika dzulo, alipo akudziwa mwini wake?"

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, monga anachitira Che Iddi, ndipo sanathamange. Aliyense amene maso ake anamugwera anapukusa mutu. Keti anapukusa kawiri. Kenako wina kumbuyo anayamba kulira ngati chule, chapansipansi, wina n'kulandira, mpaka lole yonse inali dambo, ndipo anthu ogulitsa nsomba pa mlathopo anatiyang'ana ngati amisala.

Keti anasendera pafupi ndi Luciano n'kumugunda ndi chigongono. "Mwini wake, kaya ndi ndani, akamuuze kuti ikadali yopanda nkhungu," anatero. "Asadzaiikemo."

Sabata zotsatira tinkangodikira. Mesenjala wa ku ofesi akadutsa pafupi ndi chipinda chathu, Luciano ankasiya kutafuna. Koma palibe anabwera kudzamuitana, teremu imeneyo kapena ina iliyonse, mpaka anavala gauni lake n'kujambulitsa ndi a Paulo. Kazitape wathu sitinamudziwe mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti anali pa lole ija, ndipo nayenso anapukusa mutu.

Maliro a ndakatulo anathera pomwepo. Chaka chotsatira palibe anatchulako za bokosi. Ine ndinadzapitanso ku Malindi patapita nthawi, pa nkhani za nsomba, ndipo ndinadzera kwa a Paulo kukapereka moni. Ndinafunsa za a Estela. Anandiuza kuti masiku ano maliro a ana a eni amapita okhawo amene aitanidwa, ngati munthu wina aliyense. Panthawiyo sanali pakhomo. Anali atatenga tsache kupita kukasesa pa Leticia.